Nkhope ya Sultani, dzanja la Mngerezi

Kumene ndimakhala kuno kuli madala ena amene anagwira ntchito ya ukalaliki ku positi mpaka kupuma, ndipo chuma chawo chonse pansi pano ndi mabuku atatu a masitampa. Ana awo amadziwa kuti njinga angabwereke, wailesi angabwereke, ngakhale jekete ya ku tchalitchi, koma mabuku amenewo osayerekeza n'komwe. Loweruka lina madalawa anandiitanira pakhonde, nasamba m'manja ngati afuna kudya nsima, kenaka n'kunditsegulira tsamba la Zanzibar.

"Taonani mphwanga," anatero, "inu a mabuku mumakonda kukangana za mbiri. Mbiri yeniyeni ndi iyi. Buku amalemba ndi munthu wokhala ndi mbali yake, koma sitampa sinama. Onani mafumu kulowana m'malo mwaulemu, onani zombo, onani mizikiti. Linali dziko la bata ili, andale asanaliwononge."

Sindinawayankhe, poti tiyi amene ndinkamwa anali wawo, imvinso n'zawo. Koma mawu aja anandikhala pakhosi ngati munga wa chambo, chifukwa si iwo okha amene amaganiza chomwecho. Ndawamva mawu omwewa m'mabasi, m'mabawa ngakhale m'masukulu, kwa anthu amene amati nthawi ya atsamunda kalata inkafika pa tsiku lake, ndiye kuti zonse zinali bwino. Tsono lero ndiyankha, ndipo madala andikhululukire: sitampa imanama. Imanama mwaulemu, itavala bwino, ili phee pa ngodya ya invulopu, ndipo bodza lake limalowa m'nyumba iliyonse osanena ndi odi yemwe.

Dzifunseni nokha: amajambulitsa sitampa ndani? Ndi boma. Amasankha nkhope yoti ikhalepo ndani? Ndi boma lomwelo. Mlimi safunsidwa, wa mtengatenga safunsidwa, wogula amangonyambita n'kumata. Ndiye mboni yotani imeneyi, yodyetsedwa ndi kuvekedwa ndi woimbidwa mlandu? Pa bwalo la a nyakwawa mboni yotereyi amaiuza kuti ikhale kaye pansi.

Tiyeni titsegule tsamba la Zanzibar limodzi, monga anandionetsera madala aja.

Sitampa yoyamba pa tsambalo ili ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Ndi sitampa ya ku India, mtengo wake uli m'ma anna, ndalama ya ku India, ndipo pankhope ya mayiyo anadindapo liwu lakuti Zanzibar. Ndi ya chaka cha 1895. Chakachi chisanafike, positi ya pa chilumbachi inkayendetsedwa ndi boma la Angerezi la ku India, Afalansa anali ndi yawo kuyambira 1889 mpaka 1904, Ajeremani nawonso anatsegula yawo mu 1890 n'kuitseka chaka chotsatira. Tawuni imodzi, mapositi a alendo atatu. Chifukwa chimene Ajeremani anatsekera msanga sitampa sikuuzani. Mu Julayi 1890 Angerezi ndi Ajeremani anapangana ku Ulaya: Ajeremani atenge kachilumba ka Heligoland kufupi ndi kwawo, Angerezi akhale "oteteza" Zanzibar. Eni chilumba sanakhale nawo pa mphasa yogawanapo.

Odinda liwu lija pa chilumba pomwepo ankaphonya zilembo, mpaka masitampa ena anatuluka olembedwa Zanzidar, ena Zanibar. Lero osunga masitampa ku Ulaya amalimbirana timapepala tolakwikato ndi ndalama zoti n'kumangira nyumba ya malata. Madala anandifotokozera zimenezi maso ali waliwali. Kulakwa kwa chilembo chimodzi amakudziwa pamtima. Nanga kulakwa kogawana dziko la eni, bwanji sikukulowa m'buku?

Yachiwiri ndi yokongola zedi: Sultani Hamad bin Thuwaini, nduwira kumutu, mbendera zofiira pamwamba pake, migwalangwa m'mbali. Anaisindikiza a De La Rue ku London. Chimene madala sananene n'chakuti sitampayi inayamba kugulitsidwa mwini nkhope ali kale m'manda. Hamad anamwalira pa 25 Ogasiti 1896. Wachibale wake, Khalid bin Barghash, analowa m'nyumba yachifumu nadzilonga ufumu osapempha chilolezo kwa kazembe wa Angerezi. Angerezi anamupatsa mpaka 9 koloko m'mawa wa pa 27 Ogasiti kuti atulukemo. Atakana, sitima zawo zankhondo zinayamba kuomba nyumbayo, ndipo pasanathe mphindi 45 nkhondo inali itatha. Anthu pafupifupi 500 a mbali ya Khalid anaphedwa kapena kuvulala, pamene kwa Angerezi anavulala msilikali mmodzi. Ndiye taimvani iyi: otsatira Khalid anawalipiritsa ndalama ya zipolopolo zimene anawaomba nazo. Kukumenya, n'kukulipiritsanso ndodo!

Khalid anathawira kwa kazembe wa Ajeremani, nawolokera ku Dar es Salaam. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Angerezi anamugwira, namutaya ku zilumba za St Helena ndi Seychelles, ndipo anakafera ku Mombasa mu 1927. Mufufuzeni m'buku la madala. Mulibemo. Pambuyo pa Hamad pakubwera Hamoud bin Mohammed, amene Angerezi anamukhazika pampando tsiku lomwelo utsi usanathe, kenaka Ali bin Hamoud, kenaka Khalifa bin Harub amene anakhalapo kuyambira 1911 mpaka 1960. Uku ndiye kulowana m'malo mwaulemu kumene madala akunena. Ulemu wake unachokera kukamwa kwa mzinga.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. M'maiko ambiri a atsamunda, kuphatikizapo lathu lino, pa sitampa pankakhala nkhope ya mfumu ya ku Mangalande, ndipo aliyense ankadziwa mwini ndodo. Ku Zanzibar anachenjera kuposa apo. Anaikapo Sultani, chaka ndi chaka, ndevu zikuyera pang'onopang'ono, kuti aliyense wolandira kalata aziganiza kuti ili ndi dziko lodzilamulira, la mfumu yake ndi mbendera yake. Koma msonkho, apolisi ndi chuma cha boma zinali m'manja mwa Mngerezi, ndipo kuyambira 1913 chilumbachi chinkayendetsedwa ndi ofesi ya atsamunda ya ku London kudzera mwa nthumwi yawo yokhala pomwepo. Ngakhale ndalama yolembedwa pa sitampa imaulula yokha: ma anna mpaka 1908, kenaka masenti ndi marupi, ndipo kuyambira 1936 mashilingi a maiko a kummawa kwa Africa olamulidwa ndi Angerezi. Sultani anali chikuto cha buku. Wolemba anali wina.

Ubwino wa chinyengo chotere kwa mtsamunda ndi woti pamene anthu akwiya, amakwiyira nkhope imene amaiona. Tidzafikako kutsogoloku.

Tsopano tibwere pa zombo zija zimene madala amazikonda. Mu 1944 anatulutsa masitampa okumbukira zaka 200 za ufumu wa banja la Al Busaid, pali chombo cha matanga ndi mapu. Mu 1957 anatulutsa ena ambiri: zombo, mizikiti, nyumba yachifumu ya Kibweni, ndi kanthambi ka karafuu, kambewu konunkhira kokometsera zakudya kamene kanalemeretsa Zanzibar ndi Pemba. Zoona, n'zokongola. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Karafuu sadzibzala yekha, sadzithyola yekha. Seyyid Said atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudza ku Zanzibar cha m'ma 1840, minda ya karafuu inakula ndi thukuta la akapolo ochokera kumtunda. Ndipo kumtunda kumeneko, abale anga, ndi kuno. Ku Nkhotakota kunali a Jumbe, amene ankawolotsa anthu pa nyanja yathuyi, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, goli lili m'khosi, n'kukawakweza m'zombo zonga zomwe zili pa sitampazo. David Livingstone, m'buku lake la 1865 lonena za ulendo wa pa Zambezi, analemba kuti kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, a Rigby, anamuuza kuti akapolo 19,000 ochokera dera la nyanja ya Nyasa lokha ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya chilumbacho chaka chilichonse. Anthu a pa midzi yathu, Anyanja, Ayao, Amang'anja, amene maina awo anathera m'njira. Ndinatsegula buku la madala tsamba ndi tsamba kufuna dzanja limodzi lokha lothyola karafuu m'nthawi ya ma Sultani. Mtengo ndinaupeza, chombo ndinachipeza, mwini munda ndinamupeza. Dzanja sindinalipeze.

Wina anditsutsa apa, ndipo ali ndi mfundo. Ati: kodi si Angerezi omwewo anatseketsa msika wa akapolo? Inde ndi iwo. Mu Juni 1873 John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone m'Shire ndipo dzina lake lili pa mapiri athu a kumalire, anaopseza Sultani Barghash kuti sitima zankhondo zitsekera chilumba, msika n'kutsekedwa. Amishoni a UMCA, amene anayambira ku Magomero mu 1861 nasamukira ku Zanzibar asanabwerere kudzakhazikika pa Likoma, anamanga tchalitchi chachikulu pamalo pomwe panali msikawo. Zimenezi sindikana, ndipo wokana ndi wabodza.

Koma tamalizani nkhaniyo. Msika unatsekedwa mu 1873, ukapolo wa m'minda unapitirira. Angerezi atakhala "oteteza" mu 1890 anadikiranso zaka 7, poopa kuti karafuu aola m'mitengo ndipo msonkho utsika. Lamulo la 1897 litabwera, silinamasule anthu onse tsiku limodzi. Kapolo ankayenera kupita yekha ku khoti kukapempha ufulu wake. Chipukuta misozi chinkaperekedwa, inde, koma kwa mbuye amene wataya kapolo. Womasulidwayo sanapatsidwe ngakhale khasu, ndipo akapezeka alibe pokhala ndi ntchito ankamutenga ngati woyendayenda wopanda pake. Akazi osungidwa ngati adzakazi a m'nyumba za mabwana anawasiya kunja kwa lamulo mpaka 1909. Minda inakhalabe ya eni akale, ndipo ana a akapolo anasanduka okhala pa malo a wina. Frederick Cooper analemba buku lathunthu pa nkhani imeneyi mu 1980. Sitampa ya Hamoud, amene anasaina lamulolo, ikungomuonetsa ali ndi nduwira yake, phee.

Chitsanzo china n'chachifupi. Mu 1948 ogwira ntchito pa doko la Zanzibar, ambiri a iwo ochokera kumtunda, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo sitalaka inafalikira m'tawuni yonse. Pasanathe miyezi yambiri positi inatulutsa masitampa atsopano. A chiyani? A chikondwerero cha zaka 25 za ukwati wa Mfumu George VI ndi mkazi wake. Eti madala, bata ndi limeneli?

Bodza lotere lili ndi tsiku lake. Pa chisankho cha Julayi 1963 chipani cha Afro-Shirazi chinapeza mavoti oposa theka, pafupifupi 54 pa 100 aliwonse, koma mipando 13 yokha mwa 31, chifukwa cha mmene anadulira malire a madera. Angerezi anaona zimenezi, ankadziwanso kuti pa chisankho cha Juni 1961 anthu anaphana, koma anapakira katundu wawo, napereka ufulu pa 10 Disembala 1963 kwa Sultani Jamshid ndi boma la mavoti ochepa. Masitampa a tsikulo ali ndi nkhope ya Jamshid, karafuu, chitseko chosemedwa, mzikiti pambali pa tchalitchi, ndi phanga la Mangapwani, limene anthu amalitchula pokamba za kubisa akapolo, pamodzi ndi mawu olonjeza ulendo wa ku kuwala. Ukapolo unalowa pa sitampa potsiriza, koma unalowa ngati phanga lopanda munthu, nkhani yakale yoti tiiwale.

Mlandu suola. Patangotha masiku 33, pa 12 Januwale 1964, gulu la anthu mazana angapo lotsogozedwa ndi John Okello, wochokera ku Uganda, linalanda zida za apolisi, boma n'kugwa tsiku lomwelo. Jamshid anathawa pa sitima yake, nakakhala zaka zoposa 50 ku Portsmouth, kwa oteteza aja, mpaka 2020 pamene analoledwa kupita ku Oman. Positi itatsegulidwanso, akalaliki anatenga zolembera n'kumakhwatcha nkhope ya Sultani pa masitampa amene anali m'madirowa, kenaka n'kumadindapo JAMHURI 1964. Nkhope ija anaiika patsogolo kwa zaka pafupifupi 70 ndiyo inalandira mkwiyo wonse. Dzanja limene linkaigwira linali litafika kale kwawo, likumwa tiyi.

Madala akafika pa tsamba limeneli amapukusa mutu, amati apa ndiye pamene zinaonongekera. Anzanga ena a maganizo otentha amawomba m'manja, amati apa ndiye pamene sitampa inayamba kunena zoona. Onse awiri ndikuwakana.

Onani masitampa a boma latsopano a m'kati mwa 1964: nkhwangwa, mkondo ndi mpeni, uta wodula unyolo, munthu atanyamula mfuti, manja akuthyola maunyolo. Dzanja lija ndinkalifuna lafika tsopano, ndipo sindibisa, mtima wanga unagunda nditaliona. Koma funsani kumene anasindikiza. Ku Leipzig, ku Germany ya kummawa, bwenzi latsopano la boma latsopano. Makina anasamuka kuchoka ku Mangalande, koma anakhalabe kutsidya kwa nyanja. Ndipo funsani chimene mkondo ndi mpeniwo zinachita. M'masiku otsatira kulanda boma, Aluya ndi Amwenye anaphedwa m'midzi ndi m'tawuni, ambiri a iwo anthu wamba a timagolosale ndi timinda, osati eni nyumba zachifumu. Chiwerengero chawo amatsutsana nacho mpaka lero, ena amati mazana, ambiri amati zikwi, chifukwa panalibe amene anafuna kuwerenga mitembo. Okello mwiniwake anamutsekera kunja kwa chilumba mu Malichi chaka chomwecho. Abdullah Kassim Hanga, mmodzi wa atsogoleri oyamba a boma latsopanolo, anadzaphedwa ndi anzake omwe. Chisankho sichinachitikenso nthawi yonse ya Abeid Karume, mpaka iye anawomberedwa mu Epulo 1972. Mnyamata wina, Abdulrazak Gurnah, anathawa pa chilumbacho cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mabuku ake, amene anamupezetsa mphotho ya Nobel mu 2021, amakamba za anthu amene masitampa a mbali zonse ziwiri anawasiya kunja. Zanzibar inalumikizana ndi Tanganyika pa 26 Epulo 1964, inapitiriza kutulutsa masitampa akeake mpaka 1967, kenaka tsamba la madala n'kutha.

Sultani anabisa kapolo kuseri kwa karafuu. Boma la chipani linabisa mtembo kuseri kwa unyolo woduka. Anasintha ndi mwini chidindo, khalidwe la sitampa silinasinthe.

Mwina mukuti, zatikhudza bwanji za pa chilumba cha kutali? Tsegulani tsamba lathu. Masitampa oyamba a dziko lino, a 1891, anali a kampani ya Cecil Rhodes, odindidwa zilembo B.C.A. A 1895 anali ndi chizindikiro chimene anakonza Harry Johnston: anthu akuda awiri, wina ndi piki wina ndi fosholo, ndi mawu a Chingerezi otanthauza kuwala mu mdima. Ife ndiye tinali mdimawo. Titalandira ufulu tinaona mbalame, agulugufe, nsomba zokongola za m'nyanja, ndi nkhope ya Kamuzu pa masiku a chikondwerero. Mlendo wolandira kalata ya kuno pakati pa 1987 ndi 1991 akanaona zokongolazo, osadziwa kuti mlakatuli Jack Mapanje ali ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Mdzukulu wathu akadzatsegula buku la masitampa a zaka zimenezo n'kunena kuti linali dziko la bata, tidzamuyankha chiyani?

N'chifukwa chake nkhaniyi sindikuitenga ngati macheza a pakhonde. Masiku ano makalata achepa, ana athu amatumizirana mauthenga pa foni, ndipo ambiri sanayambe anyambitapo sitampa. Koma timapepalati tikuchoka ku positi kulowa m'nyumba zosungira zakale, m'mabuku a sukulu ndi m'timasitolo togulitsa kwa alendo ku Stone Town, kumene chilumbachi amachitsatsa ngati dziko la zonunkhira ndi zitseko zosema. Mboni zamoyo zikutha kumwalira, sitampa ikutsala, ndipo yotsala ndiyo imakhulupiriridwa. Tikaisiya kuti iyankhule yokha, atsamunda adzawina mlandu ali m'manda.

Sindikuti madala awotche mabuku awo. Ayi ndithu, awasunge, ndipo aphunzitsi a mbiri awabwereke ngati angathe kuwanyengerera. Sitampa ndi mboni yabodza, koma mboni yabodza ukaifunsa bwino imadzigwira yokha. Muonetseni mwana nkhope ya Victoria yodindidwa Zanzibar, mumufunse kuti mayiyu akutani pa chilumba cha eni. Muonetseni Hamad ndi Hamoud, mumufunse amene akusowa pakati pawo. Muonetseni karafuu, mumufunse za dzanja. Muonetseni mpeni wa 1964, mumufunse amene unamubaya. Mwana wophunzira kufunsa chonchi sadzapusitsidwa ndi nkhope ya pa ndalama, ya pa nsalu ya chipani kapena ya pa chikwangwani cha pamsewu.

Loweruka likubwerali ndipitanso pakhonde paja, nyuzipepala ino ili m'manja, ndipo ndikudziwa kuti tiyi mwina sindimwa. Pempho langa kwa madala ndi limodzi: pakati pa Hamad ndi Hamoud asiyepo malo opanda kanthu, ndipo pambali pa kanthambi ka karafuu asiyeponso ena aakulupo. Adzukulu akadzafunsa kuti agogo apa pasowa chiyani, awauze za Khalid ndi anthu 500 aja, awauzenso za a kwathu amene anawolotsedwa pa Nkhotakota osabwereranso.